Kuwala Kumene Kumalimbitsa Zomatira Mano

Kwa anthu ambiri okhala kumwera kwa boma la Lilongwe, m'midzi yozungulira Mitundu ndi Nathenje, kupita kwa dokotala wa mano kwakhala kukutanthauza chinthu chimodzi kwa zaka zambiri, ndicho kukazulitsa dzino limene lamusowetsa munthu tulo. Wodwala amayamba wapirira, kumwa mankhwala opha ululu ogula pagolosale, kuyesa mizu ndi madzi amchere, ndipo pofika tsiku limene akwera kabaza kupita kuchipatala cha Mitundu, cha Nathenje, cha Nkhoma kapena cha Kamuzu Central mumzinda, dzinolo limakhala litaola mpaka pamtsempha, moti chotsala n'kulichotsa basi. Kafukufuku wa umoyo wa m'kamwa amene anachitika m'dziko lonse mu 2013, pa anthu 5,400, anapeza kuti ana 21 mwa 100 aliwonse a zaka 12 mpaka 15, komanso akuluakulu 49 mwa 100 aliwonse a zaka 35 kupita m'tsogolo, anali ndi mano obooka, pamene anthu okhala ndi dzino lomatidwa sanafike ndi 7 omwe mwa 100.

Zinthu zayamba kusuntha mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya ogwira ntchito: kuwonjezera pa akatswiri otchedwa ma dental therapist, amene amaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ndipo ndi amene asenza ntchito ya mano m'zipatala za m'maboma, College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kusula madokotala a mano mu 2019 mogwirizana ndi University of Glasgow kudzera m'ntchito yotchedwa MalDent, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Mbali yachiwiri ndi ya zipangizo. Chomatira chakale chooneka ngati chitsulo, chotchedwa amalgam, pafupifupi theka lake ndi mekyule, ndipo pangano la Minamata lokhudza mekyule, limene maiko anasainirana mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2017, lakhala likuchichepetsa pang'onopang'ono, mpaka msonkhano wa ku Geneva mu Novembala 2025 unagwirizana zoti chithetsedwe pofika 2034. M'malo mwake mukubwera chomatira choyera chofanana ndi dzino, chotchedwa composite, chimene bungwe la WHO linachiika pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2023. Kuti chomatira choyeracho chikhalitse m'kamwa, zimadalira zinthu ziwiri zimene wodwala sazilabadira konse: kadontho ka guluu kochokera m'kabotolo kakuda, ndi kuwala kwa buluu kumene dokotala amaunika nako kwa masekondi owerengeka.

Zimene zili m'kabotolo kakuda

Amalgam simamatirira kudzino. Dokotala amasema dzenje lotambalala pansi ndi lopanikiza pamwamba, n'kutsenderamo chitsulocho mofanana ndi mmene mmisiri amathirira konkire m'dzenje la mzati, ndipo chimakhala pamenepo chifukwa chilibe potulukira. Composite imafuna guluu, ndipo guluuyo amayenera kugwira zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Kunja kwa dzino kuli chikuto cholimba chotchedwa enamel, chimene magawo 96 mwa 100 ndi mchere wa mwala wokhala ndi kashiamu, pamene pansi pake pali dentine, imene ili ndi mchere womwewo magawo 70, ulusi wotchedwa collagen magawo pafupifupi 20, ndi madzi magawo 10, komanso ili ndi timachubu tosaoneka ndi maso timene timatsika mpaka pamtsempha wa dzino n'kumatulutsa chinyezi nthawi zonse.

Mu 1955 Michael Buonocore wa ku Rochester, m'dziko la America, anasonyeza kuti enamel ikapakidwa asidi wa phosphoric imachita timaenje tating'onoting'ono timene utomoni wopangidwa m'fakitale ungalowemo n'kugwira. Mu 1962 Rafael Bowen anapatsidwa umwini wa utomoni wotchedwa Bis-GMA, umene mpaka lero ndi msana wa zomatira zambiri, ndipo mu 1982 Nobuo Nakabayashi wa ku Tokyo anafotokoza mmene utomoni umalowerera pakati pa ulusi wa collagen wa mu dentine n'kupanga kagawo kosakanikirana, kamene si dzino komanso si utomoni weniweni, ndipo ndi pamene pagona mphamvu yonse ya chomatira.

M'kabotolo ka guluu wa mano muli tizidutswa ta utomoni timene sitinalumikizane, totchedwa ma monomer. Bis-GMA ndi yolimba koma yonanda ngati uchi wa m'nyengo yozizira, choncho amaisungunula ndi TEGDMA, imene ndi yamadzimadzi. HEMA imagwirizana ndi madzi, motero imathandiza utomoni kulowa mu dentine yachinyezi. Ndipo 10-MDP, imene kampani ya Kuraray ya ku Japan inapanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndi asidi amene amagwira kashiamu wa m'dzino mwachindunji. Zonsezi zimayandama mu ethanol, mu acetone kapena m'madzi. Chotsala ndi kanthu kochepa zedi, kamene kawirikawiri kamangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa 100 la zonse za m'botolo, kotchedwa photoinitiator, kutanthauza choyambitsa chimene chimadzutsidwa ndi kuwala. Ntchito yake ikufanana ndi ya chimera pophika thobwa: n'chochepa poyerekeza ndi ufa, koma popanda icho phala limangokhala phala.

Mawu akuti guluu wauma amasocheretsa pang'ono pankhaniyi, chifukwa utomoni wa mano suuma ngati penti kapena matope, amene amalimba madzi akachokamo. Umalimba chifukwa tizidutswa tija timagwirana. Kachidutswa kalikonse kali ndi malo amene maatomu awiri a kaboni agwirana kawiri, ngati munthu wopinda manja, ndipo choyambitsa chikalandira kuwala chimabala kanthu kosakhazikika kotchedwa free radical, kamene katsala ndi elekitironi imodzi yopanda inzake. Kanthuka kamatambasula dzanja la kachidutswa koyandikana nako, kameneko n'kugwira kena, kenako n'kugwiranso kena, mpaka m'masekondi ochepa madzi aja asanduka ukonde wolukana mbali zonse. Si manja onse amene amapeza ogwirana nawo, popeza ukondewo ukayamba kulimba tizidutswa totsala timasowa poyendera. Chiwerengero cha manja amene agwirana ndicho akatswiri amayesa pofuna kudziwa ngati utomoni wapsa bwino, ndipo m'zomatira zambiri chimakhala pakati pa 55 ndi 75 mwa 100. Chikatsika kwambiri guluu amakhala wofooka, amamwa madzi ngati chinkhupule, tizidutswa tosagwirana timasungunuka n'kutsikira m'timachubu mpaka kukanyanyula mtsempha, m'mphepete mwa chomatira mumayamba kuda, wodwala amamva kunyerenyetsa akamwa madzi ozizira, ndipo patapita miyezi dzino limayambiranso kuola chapansipansi.

Camphorquinone ndi mnzake

Zomatira zoyera zoyambirira sizinkafuna nyali. Dokotala ankasakaniza maphala awiri, lina lokhala ndi benzoyl peroxide, lina lokhala ndi mankhwala otchedwa amine, ndipo kuyambira pamenepo ankathamangitsana ndi nthawi, chifukwa phalalo linkalimba lokha m'mphindi zochepa, mpweya wolowa posakaniza unkasiyamo timibulu, komanso pakapita zaka linkasanduka lachikasu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera zomatira zolimbitsidwa ndi kuwala kwa ultraviolet, kumene maso a munthu sakuona, koma kuwalako sikunkalowa patali mu utomoni ndipo kunkaopseza maso ndi khungu. Njira imene yakhalitsa inachokera kukampani ya ICI ku Britain, ndipo chomatira choyamba cholimbitsidwa ndi kuwala kooneka chinaikidwa m'kamwa mwa munthu ku Manchester mu 1976. Choyambitsa chake chinali camphorquinone, ufa wachikasu wopangidwa kuchokera ku camphor, yemwe uja fungo lake limamveka m'mafuta ena odzola ndi osisitira minofu.

Kuti zimveke chifukwa chake choyambitsa chilichonse chimasankha kuwala kwake, m'pofunika kukumbukira utawaleza. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu uliwonse wa mu utawaleza uli ndi utali wake wa funde, umene umayesedwa m'mananomita, nanomita imodzi kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Kufiira kuli cha pa 700, buluu ali pakati pa 450 ndi 490, ndipo mtundu wa pepo, umene uli kumapeto kwenikweni kwa utawaleza, uli cha pa 400. Camphorquinone imayamwa kuwala kwa pakati pa 400 ndi 500, makamaka pa 468, ndipo ndi chifukwa chake imaoneka yachikasu, popeza buluu yense imamumeza. Choyambitsa chili ngati wailesi yotcheredwa pa siteshoni imodzi: ngakhale nyumba youlutsira mawu ina itakhala yamphamvu chotani, wailesiyo siimva kanthu ngati mafundewo si ake.

Camphorquinone payokha ndi yaulesi. Ikadzutsidwa ndi kuwala imafuna mnzake, amine wa mtundu wina monga EDMAB, kuti imulande atomu ya haidirojeni, ndipo free radical imene imagwira ntchito yeniyeni yolumikiza utomoni imabadwa kuchokera kwa amine uja. Kudalirana kumeneku ndiko gwero la zofooka zake zambiri. Chikasu chake chimazilala pang'ono kuwala kukamawomba, koma sichitheratu, ndipo amine wotsala amasintha mtundu pakapita nthawi, zimene pa dzino lakumbuyo sizidetsa nkhawa koma pa mano akutsogolo zimaoneka. Chachikulu kuposa apa n'chakuti amine ndi mdani wa asidi. Guluu wamasiku ano wa botolo limodzi, amene amadzikumbira yekha timaenje popanda kupaka asidi padera, ndi wowawasa mwachibadwa chifukwa cha ma monomer onga 10-MDP, ndipo asidiyo akakumana ndi amine amamumanga manja, moti camphorquinone imadzuka n'kupeza mnzake kulibe. Opanga guluu amazemba vutoli posankha amine wosagwidwa msanga ndi asidi kapena powonjezera mchere wotchedwa sulfinate, koma mkanganowo umapitirirabe m'botolo pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumaufulumizitsa. Botolo losungidwa pawindo m'mwezi wa Okutobala, chigwa cha Lilongwe chitapsa, limakalamba tsiku lolembedwa pachikuto lisanakwane, makamaka ngati chivindikiro chimasiyidwa chotsegula mpaka acetone kapena ethanol kuuluka.

Madzi ndiwo mdani wachiwiri, ndipo pano nkhani imazama. Dentine siyenera kuumitsidwa kwambiri, chifukwa ulusi wa collagen umafota n'kutseka njira, koma ikakhalanso yonyowa mopitirira, guluu amapatukana yekha monga mmene mafuta ophikira amapatukirana ndi madzi m'poto. Paulette Spencer ndi Yong Wang a ku Kansas City anasonyeza mu 2002 kuti zikatero Bis-GMA imaunjikana m'timadontho pamwamba, pamene HEMA ndi madzi ndi zimene zimatsika pansi pakati pa ulusi. Tsoka lake n'lakuti camphorquinone ndi EDMAB zonse zimadana ndi madzi, choncho zimatsalira pamwamba pamodzi ndi Bis-GMA, ndipo gawo lapansi, limene ndi lofunika koposa pogwira dzino, limatsala ndi choyambitsa chochepa. Pamwamba pamalimba bwino, pansi pamakhala phalaphala, madzi amapeza njira, ndipo ulusi wosakutidwa umayamba kudyedwa ndi ma enzyme a m'dzino momwemo. Pofuna kuthana ndi zimenezi akatswiri anayesa zoyambitsa zosungunuka m'madzi, monga QTX, komanso anawonjezera chinthu chachitatu, mchere wa iodonium, umene umalanda elekitironi kwa zotsalira zimene zikanaimitsa kulumikizana, n'kubwezeretsa camphorquinone pantchito pamene ukubala ma free radical enanso. Guluu wa zoyambitsa zitatu wapezeka kuti amalimba msanga ndiponso mokwanira ngakhale pachinyezi, ndipo phindu limeneli ndi lalikulu pamalo amene dokotala akugwira ntchito popanda makina oyamwa malovu, akudalira thonje lokha.

Zoyambitsa zosafuna mnzake, ndi nyali zake

Pali gulu lina la zoyambitsa zimene sizifuna amine. Chodziwika kwambiri ndi TPO, imene ikalandira kuwala imathyoka pakati n'kubala ma free radical awiri nthawi imodzi, onse ogwira ntchito. Guluu wokhala ndi TPO amalimba mofulumira, manja ambiri amagwirana, asidi samusokoneza mmene amasokonezera amine, ndipo sakhala ndi chikasu, choncho opanga amaikonda pa zomatira zoyera kwambiri ndi pa guluu wa mano akutsogolo. M'gulu lomweli muli BAPO, komanso Ivocerin ya kampani ya Ivoclar ya ku Liechtenstein, yopangidwa ndi germanium, pamene choyambitsa china chotchedwa PPD chimatha kugwira ntchito chokha kapena ndi amine. Koma TPO imamva kuwala kwa pakati pa 350 ndi 425, makamaka cha pa 380, ndiye kuti kuwala kwa pepo, ndipo kuwala kumeneku kumamwazika msanga mu utomoni kusiyana ndi buluu. Pa guluu, amene amapakidwa mopyapyala kuposa tsitsi, kumwazikako si vuto lalikulu, koma pa composite yonenepa kapena pounika kudzera m'chikuto chovekera dzino chopangidwa ndi dongo la kufakitale, pansi pamatha kutsala posapsa. Kulimba mothamanga kulinso ndi mtengo wake, chifukwa utomoni ukamalumikizana umanyala ndi magawo awiri kapena atatu mwa 100, ndipo ukanyala mwadzidzidzi umakoka makoma a dzenje mwamphamvu.

Owerenga amene analowapo m'saluni ya mumzinda wa Lilongwe ndi kuona mayi atalowetsa zala m'kabokosi kowala pofuna kulimbitsa penti wa zikhadabo, anaona sayansi yomweyi, ndipo nthawi zambiri choyambitsa chake chimakhala TPO yomweyo. Maiko a European Union anailetsa m'zodzoladzola kuyambira pa 1 Seputembala 2025, chifukwa choikayikira kuti ingasokoneze ubereki malinga ndi zimene zinaoneka pa nyama zodyetsedwa mlingo waukulu. Chiletsocho sichinakhudze zipangizo za madokotala a mano, zimene zili pansi pa malamulo ena, koma chachititsa kuti opanga afunefune zolowa m'malo mwake.

Nyali nazo zili ndi mbiri yake. Zakale zinali za babu la halogen, zimene zinkatulutsa kuwala kwa mitundu yambiri n'kusefa kotsala pakati pa pafupifupi 400 ndi 500, moti zinkadzutsa pafupifupi choyambitsa chilichonse, ngakhale zinkatentha, zinkafuna fani yoziziritsa, zinkadalira magetsi a pakhoma, ndipo babu lake linkafooka mosadziwika. Shuji Nakamura atapanga getsi lowala la buluu la mtundu wa LED ku Japan mu 1993, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2014 pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano, dokotala wa mano wa ku Britain, Robin Mills, anapereka ganizo mu 1995 loti getsi lotere ligwiritsidwe ntchito polimbitsa zomatira. Nyali za LED n'zopepuka, zimayendera batire, ndipo zikhoza kutchajidwa ndi sola, zimene ndi dalitso lenileni kumadera amene magetsi amazima kawirikawiri, monga zinakhalira dziko lonse namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Koma LED wamba imatulutsa kuwala kopanikizika, pakati pa 450 ndi 470, kumene kumakwanira camphorquinone ndendende n'kuiphonya TPO pafupifupi kotheratu. Pachifukwa ichi kunapangidwa nyali zokhala ndi magetsi a mitundu iwiri, a buluu ndi a pepo cha pa 405, zimene ndi zokwera mtengo.

Apa ndi pamene pagona msampha wa chipatala chimene zipangizo zake zimachokera kosiyanasiyana, nyali kukhala mphatso ya alendo, guluu wogula kwa wamalonda mumzinda, composite yobwera ndi gulu lina la ongodzipereka. Chilichonse pachokha chikhoza kukhala chabwino, koma ngati guluu amadalira TPO pamene nyali ndi ya buluu yekha, dokotala adzatsatira malangizo onse mosaphonya, nyali idzalira kuti nthawi yakwana, ndipo guluuyo adzakhala wosapsa. Makampani ambiri salemba pabotolo dzina la choyambitsa, koma kapepala ka malangizo kamatchula mananomita amene nyali iyenera kutulutsa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti kapepala kameneka kawirikawiri kamatayidwa limodzi ndi katoni.

Madzi a m'mijigo ya ku Nathenje

Dera la Nathenje lili ndi chifukwa chapadera chochitira chidwi ndi nkhaniyi. Kafukufuku wa K. W. M. Msonda, W. R. L. Masamba ndi E. Fabiano, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti mijigo yoposa theka mwa imene anayeza m'derali inali ndi mchere wa fluoride wopitirira mamiligiramu 1.5 pa lita, umene ndi malire a WHO, ina kufika pafupifupi mamiligiramu 7, ndipo m'midzi ya madzi oterowo ana asukulu pafupifupi 68 mwa 100 aliwonse anali ndi mano osinthika mtundu. Fluoride wochepa amateteza mano kuti asaole, koma wochuluka, akamwedwa mano akadali kupangika m'nsagwada mwana asanakwane zaka pafupifupi 8, amasiya mawanga oyera ngati choko, ofiirira kapena akuda, nthawi zina ndi timaenje, ndipo mawangawo sachoka ndi mswachi kapena makala.

Mano oterewa amavutitsa guluu m'njira ziwiri. Choyamba, pamwamba penipeni pa enamel yake ndi pouma mutu kwa asidi, pamene pansi pake ndi pofumbwa, choncho guluu wa botolo limodzi, amene asidi wake ndi wofatsa, sagwira bwino pokhapokha dokotala atayamba wapala pamwambapo pang'ono ndi kupaka asidi wa phosphoric, nthawi zina motalikirapo kuposa masekondi 15 mpaka 30 a nthawi zonse. Chachiwiri, amene amafuna thandizo pa mawangawa ndi achinyamata ofuna kumwetulira momasuka, ndipo mano ake ndi akutsogolo, kumene chikasu cha camphorquinone chimaonekera, ndiye kuti ndi kumene zomatira zoyera kwambiri zodalira TPO zimasankhidwa, ndiponso kumene pamaikidwa utomoni wosaonekera mkati wophimba banga, umene umatchinga kuwala. Mwana wa ku Nathenje ndiye woyamba kukumana ndi zotsatira za nyali yosagwirizana ndi botolo. Kumata kumangobisa banga, ndipo ana obadwa m'mbuyo mwake angapulumuke pokhapokha mijigo itayezedwa ndi kupezeka madzi ena akumwa.

Masekondi a pampando

Ntchito yonseyi pampando imatenga mphindi zochepa, ndipo sitepe iliyonse ili ndi chifukwa chake. Dzenje likatsukidwa, dokotala amafinyira asidi wa phosphoric wooneka wabuluu, wa mlingo wa 37 mwa 100, kuchokera m'kasirinji, amatsuka ndi madzi, n'kuumitsa mpaka enamel itaoneka mbuu ngati choko koma dentine ikadali yonyezimira pang'ono. Amadontheza guluu pa kaburashi kochepa ngati mutu wa machesi n'kutseka botolo nthawi yomweyo, chifukwa kuwala kwa dzuwa kolowera pawindo ndi kwa getsi la pampando kuli ndi buluu wokwanira kuyambitsa kulimba. Amapaka mosisita, kenaka amauzira mpweya mpaka guluu atasiya kugwedezeka, chizindikiro chakuti zosungunulira zauluka, popeza zikatsalira zimatalikitsa tizidutswa n'kulepheretsa kugwirana. Akatero amaunika masekondi 10 mpaka 20, akuyang'anira pagalasi la mtundu wa lalanje, chifukwa kuwala kwa buluu kumawononga mkati mwa diso. Pamwamba pa guluu pamatsala ponanda chifukwa okosijeni wa mumpweya amameza ma free radical, ndipo kunandako n'kofunika, chifukwa ndi pamene composite imagwira. Composite imaikidwa m'zigawo zosapitirira mamilimita 2, chigawo chilichonse n'kuunikidwa pachokha. Pali chinthu chinanso chofala m'zipatala zambiri chimene chimameza ma free radical, ndicho eugenol, mafuta onunkhira a m'chomatira chongoyembekezera cha zinc oxide, moti dzenje limene munali chomatira chotere liyenera kuyeretsedwa mosamala guluu asanalowemo.

Mphamvu ya nyali imawerengedwa mosavuta. Chigawo cha mamilimita 2 chimafuna majulo pafupifupi 16 pa sikweya sentimita, ndiye kuti nyali ya mamiliwati 400 iunike masekondi 40, ya mamiliwati 1,000 iunike masekondi 16 kapena 20. Koma mphamvu yolembedwa pakatoni ndi ya nyali yatsopano itagunda pa chinthu chounikidwacho, pamene pansi pa dzenje la dzino lakumbuyo pamatha kutalikirana ndi nsonga ya nyali mamilimita 6 kapena 7, ndipo pamtunda wotere nyali zambiri zimataya gawo lalikulu la mphamvu. Nsonga yong'aluka kapena yomatirira utomoni wouma, batire yotopa, ndi dzanja lopendeka chifukwa mwana sakuyasamula mokwanira, zonsezi zimachepetsanso. Diso silingaweruze, chifukwa nyali yofooka imathobwabe m'maso, ndipo kugogoda pamwamba pa chomatira ndi kachitsulo kumanamiza, popeza pamwamba pamalimba ngakhale ndi nyali yakufa theka.

Choyezera chake ndi kachipangizo kotchedwa radiometer, koma pamene palibe, pali njira yotsanzira muyeso wa ISO 4049 imene chipatala chilichonse chingakwanitse. Composite imatsenderedwa m'kachubu kosalowa kuwala ka mamilimita 4 m'mimba mwake ndi 6 kuya kwake, imaunikidwa mbali imodzi kwa nthawi yolembedwa m'malangizo, imatulutsidwa, ndipo phala lofewa la pansi limapalidwa ndi kampeni kapulasitiki. Utali wa chotsala cholimbacho umagawidwa pawiri, ndipo yankho lake ndi kunenepa kwa chigawo chimene nyaliyo ingalimbitse modalirika. Kuyesa kotere kamodzi pamwezi, ndi kulemba zotsatira m'kope, kumaulula nyali imene yayamba kutha odwala asanayambe kubwerera ndi zomatira zogwa.

Sikuti dzino lililonse limafuna nyali. Simenti yotchedwa glass ionomer, imene Alan Wilson ndi Brian Kent anapanga ku London chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, imalimba yokha ufa wagalasi ukasakanizidwa ndi asidi, imagwira dzino popanda guluu, imapirira chinyezi ndipo imatulutsa fluoride wochepa woteteza m'mphepete mwa dzenje. Pa simenti imeneyi ndi pamene Jo Frencken anamangira njira yotchedwa ART, imene anaiyambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 n'kuiyesanso m'sukulu za ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990, yomata dzino ndi zida zam'manja zokha popanda magetsi kapena makina obowolera, ndipo WHO inaika simentiyi pamndandanda wa mankhwala ofunika mu 2021. Pa maenje aakulu otafunira ndi pa mano akutsogolo simafika pa composite m'kulimba kapena m'maonekedwe, koma pa dzenje laling'ono la mbali imodzi imakhalitsa bwino. Kwa amene amagula zipangizo za zipatala za ku Mitundu, ku Nathenje ndi madera onga amenewa, nyali ndi guluu ziyenera kugulidwa ngati chinthu chimodzi, mananomita a pakapepala atafananitsidwa ndi a nyali, ndipo pamene nyali sinayesedwe kapena dzino silingatchingidwe ku malovu, glass ionomer ndiyo yoyenera kuikidwa.